Pulofesa Amene Ndinabwera Naye Kwathu

Sendezani lichero kuno, ana inu, mtedzawu sudziswa wokha. Iwe Tadala, foniyo iike m'thumba, siithawa. Nawenso Mphatso khala pansi, usandiimirire ngati wapolisi. Loweruka ndikwera basi kupita ku Ntcheu, ndipo ndakumvani mukunong'onezana kuti nkhalamba ya mawondo otupa ikukatani kutali konseko. Ndikuuzani lero, kuti mumve kwa ine, osati kwa anthu a pamjigo.

Inu mumandidziwa ngati agogo a mtedza ndi nkhunda. Koma ndinagwira ntchito zaka makumi atatu pa yunivesite ina kutauni, mu labu ya fiziyoloje. Musaseke, nanunso lilime likukanani. Fiziyoloje ndi phunziro la mmene thupi lamoyo limagwirira ntchito: chifukwa chimene mtima umagundira, kumene mpweya umapita ukaukoka, mmene magazi amayendera. Aliyense wofuna kudzakhala dokotala amayamba wadutsa pamenepo. Ine sindinali mphunzitsi ayi. Sukulu ndinayambira pa mishoni ku Guilleme, ndipo sindinapite nayo patali. Ntchito yanga inali kukonza zipangizo, kutsuka mabotolo ndi kusunga achule.

Eya, achule. Tili ana, ine ndi mng'ono wanga Lufeyo tinkawagwira kudambo kungosewera, amayi n'kumatikwapula kuti tibwera ndi mphere. Sankadziwa kuti mwana wawo adzadya ndi achule omwewo. Ndikabwera kutchuthi ndinkabwerera ndi thumba lonyowa lodzaza nawo, chifukwa a kuno ndi onenepa kuposa a m'ngalande za m'tauni. Masiku amenewo sitima inkanyamulabe anthu kuchokera paboma. Tsiku lina thumba linamasuka, mayi wina wa mandasi anakwera pampando ndi beseni lake lomwe akuitana oyera mtima onse. Inu a minibasi simudzaona zotere.

Mu labumo tinali ndi chipangizo chimene tinkangochitcha ng'oma. Chinali ngati chitini chachikulu, chozungulira chokha ukachipukusa monga wotchi yakale. Ndinkachikulunga ndi pepala loyera, n'kulifukiza pa koloboyi mpaka lide bii ndi mwaye. Chule tinkayamba tamupha ubongo kuti asamve ululu, koma mtima wake unkagundabe. Tinkaumanga ndi ulusi ku kansingano, kansinganoko n'kumakanda mwaye pamene ng'oma ikuzungulira. Mtima unkalemba wokha, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika. Ophunzira a chaka choyamba ankati kukamwa yasa. Lero amangoonera pa kompyuta, manja ali oyera mbee.

Mavuto anayamba pamene pulofesa wathu wakale anapuma. Amene analowa m'malo mwake anadwala n'kumwalira asanathe zaka ziwiri. Achinyamata amene tinawatumiza kunja kuti akaphunzire adzatiphunzitsire ana, anakapeza kuti kumeneko magetsi sathima, osabweranso. Mpando unakhala wopanda munthu zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka ndi chaka akuluakulu ankalengeza m'nyuzipepala kuti akufuna pulofesa woti aziphunzitsa ndi kuchita kafukufuku pamodzi ndi ophunzira a digiri yoyamba. Makalata ankabwera, koma eni ake akamva malipiro ankangoti zii. Tinkabwereka aphunzitsi kwina, munthu n'kubwera masabata awiri, kuwathira ana maphunziro a chaka chonse ngati akuthira chimanga m'nkhokwe, n'kumapita. Otsala ndi mafunso ankabwera kwa ine, wotsuka mabotolo. Zina ndinkayankha. Zina ndinkanamizira kutanganidwa.

Chaka chachisanu ndi chiwiri kunabwera anthu awiri ku intavyu. Komiti inagamula kuti aliyense aphunzitse kalasi yeniyeni kwa ola limodzi, iwo atakhala kumbuyo. Ine anandiuza kuti ndikhale pafupi ndi chitseko, mwina wina angafune chipangizo.

Woyamba anali bambo wa suti yonyezimira. Anabwera ndi kompyuta yake, zithunzi zokongola zikuoneka pakhoma. Patatha mphindi khumi magetsi anathima, jenereta inalibe mafuta. Bambo uja anaima manja m'chiuno akuyang'ana kudenga, kenaka anayamba kuuza ophunzira mmene zinthu zimayendera bwino kumene anachokera. Ola linatha choncho.

Wachiwiri anali mayi wamfupi, wa nsapato zafulati, dzina lake Dokotala Kampira. Kwawo kunali ku Dedza, koma anali atakhala kunja zaka zambiri. Magetsi anali asanayakebe. Iwo sanayang'ane kudenga. Anatembenukira kwa ine.

"Bambo, dzina lanu ndani?"

"Ndine Mbewe, madamu."

"A Mbewe, pawindo paja ndaona ng'oma yakale. Imazungulirabe?"

"Imazungulira, madamu. Ndimaithira mafuta mwezi ndi mwezi."

"Nanga chule muli naye?"

Ana inu, ndinathamanga ngati mnyamata. Pamene ndinkafukiza pepala, iwo anali atawaimiritsa kale ophunzira awiriawiri, aliyense chala pa mtsempha wa mnzake, akuwerenga. Kenaka anawathamangitsa pa masitepe, kukwera ndi kutsika, n'kuwerenganso. M'kalasi munali phokoso ngati pamsika. Mtima wa chule utayamba kulemba, anaitana mnyamata wina wamtali wa kumbuyo, Yamikani, kuti adonthezere madzi ozizira pa mtimawo. Mizere inatalikirana, mtima ukugunda pang'onopang'ono. Mnyamata uja anafuula kuti, "Wachedwa! Madamu, wachedwa!" ngati waona chozizwa.

Mkulu wa komiti anawafunsa pamaso pa onse: "Ndalama za kafukufuku kuno kulibe, makina ndi amene mwawaonawa. Mudzafufuza ndi chiyani?"

Iwo anati, "Ophunzirawa ali ndi miyendo, ndipo anthu akumudzi ali ndi mitima imene palibe anaiyezapo. Tidzayambira pamenepo."

Madzulo ake mkulu uja anandipeza ndikutsuka mbale za achule. M'zaka zonse zija anali asanandifunsepo maganizo pa chilichonse. Anati, "A Mbewe, inu mwaona bwanji?"

Ndinati, "Bwana, mukawasiya mayi aja, ine ndipuma ntchito mawa."

Anaseka, koma anawalemba ntchito.

Zaka ziwiri zotsatira zinali zokoma kuposa zonse zimene ndinagwira ntchito. A Pulofesa sankandituma ngati wantchito. Pa pepala loyamba limene analemba ndi ophunzira anaikapo dzina langa, ine wa achule. Mutu unakula, ana inu. Mukamaona nkhalamba yodzichepetsa musamaganize kuti inabadwa choncho.

Tsiku lina anati akufuna mudzi woti akayeze alimi: kuthamanga kwa magazi kumene mumati bipi, shuga, ndi kuchuluka kwa magazi m'thupi. Ankati anthu akumudzi akufa ziwalo mwadzidzidzi, achibale n'kumalozana zala kuti ndi ufiti, pamene ndi matenda oti kachipangizo ka pamkono kakhoza kuwaona msanga. Asanamalize n'komwe ndinati, "Kwathu ku Mchinji, madamu. Kumeneko aliyense amandidziwa. Palibe angakuvuteni."

Makalata onse anayenda bwino, kuboma, kuchipatala, kwa amfumu, kutchalitchi. Tinabwera mwezi wa Okutobala, kukutentha, minda ili mbee kudikira mvula. Tinalipo asanu ndi mmodzi: a Pulofesa, ine, dalaivala, ndi ophunzira atatu, atsikana awiri ndi Yamikani uja, amene tsopano anali chaka chachitatu. Anali mwana yekhayo wamwamuna wa mayi wamasiye wa ku Ntcheu. Ankadya ngati dzombe, ndipo tsiku loyamba lomwe anakathandiza alongo anga a Nambewe kusenza mitolo ya udzu, mpaka iwo anati, "Uyu tisamubweze, timupezera mbeta konkuno."

Tinkagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango pa sukulu ya pulaimale ija mumadutsa popita kumsika. Munthu ankakhala pa benchi, timumange lamba pamkono, kenaka kumubaya pang'ono pachala. Kadontho kamodzi ka shuga, ndi timadontho tina m'kabotolo kochepa ngati chala cha mwana. Timabotoloto tinkatiika m'bokosi la ayezi kuti tikayeze kutauni. Masiku awiri oyamba anthu anabwera ambiri, ena mpaka ochokera kwa Zulu pa njinga.

Koma chaka chimenecho mphekesera ya anamapopa inali itadzukanso. Inu munaimvapo. Imagona zaka, kenaka n'kudzuka, ndipo palibe amadziwa amene waidzutsa. Ulendo umenewo inabwera ndi ogula mtedza ndi soya odutsa m'njira zachidule za m'malire. Uyu akuti ku Zambia apopa mudzi wonse, wa ku Zambia akuti ayi, zachitika ku Malawi. Palibe anaonapo ndi maso, koma aliyense anali ndi msuweni amene anaona.

Tsiku lachiwiri dzuwa litapendeka, a Nambewe anandikokera kuseri kwa khola.

"Achimwene, anthu akuyankhula. Akuti bokosi lija likupita kuti?"

"Ndani akuyankhula?"

"Ambiri. Ndi Lufeyo yemwe. Mawa ndi tsiku la msika, kubwera anthu osakudziwani. Auzeni alendowa apume kaye."

Mng'ono wanga Lufeyo anali ataika m'manda mwana wake wamkazi miyezi itatu m'mbuyomo. Kuchipatala anamuuza kuti mwanayo magazi anamuthera. Anali malungo, koma iye mawu amene anasunga ndi akuti magazi anatha, ndipo ankafunsa aliyense kuti anapita kuti. Ine ndinkadziwa zonsezi. Ndikanapita kukakhala naye pansi, ndikanamuonetsa timabotolo tija, mwina akanamva. Koma ndinawayankha alongo anga kuti, "Zaumbuli zimenezo. Mudzi uno ndi wanga." Ndipo a Pulofesa sindinawauze kanthu. Ndinachita manyazi kuti adziwe kuti kwathu, kumene ndinakutamanda chotere, anthu amakhulupirira zimenezo.

Iwe Mphatso, wasiya kuswa. Iswa, manja akamagwira ntchito makutu amapirira.

Tsiku lachitatu, cha m'ma leveni, tinayeza gogo wina amene anayenda mtunda wautali osadya kanthu. Atangobayidwa pachala anaona kadontho kake, maso anatembenuka, n'kugwa pa benchi. Kukomoka wamba. A Pulofesa anamugoneka, kumukweza miyendo, natuma mtsikana mmodzi kukasungunula shuga. Koma mdzukulu wa gogoyo anali atathamangira kale kumsika akukuwa kuti, "Apopa agogo! Apopa agogo!"

Tinamva phokoso lisanafike, ngati mvula ya matalala ikamabwera kuchokera kuphiri. Dalaivala anali atapita ndi galimoto kukagula madzi akumwa. Ndinagwira a Pulofesa pamkono, ndi atsikana aja, kuwakankhira m'nyumba ya aphunzitsi aakulu, amene anatseka chitseko n'kuimika tebulo. Yamikani anali nafe mpaka pakhonde. Kenaka anati, "Bokosi! Ntchito ya masiku atatu!" n'kubwerera.

Ndinamuthamangira, koma mawondowa anali atayamba kale. Pamene ndinkafika pakona ya kalasi, iye anali atanyamula bokosi pachifuwa, anthu atamuzungulira. Sanathawe. Ankayesa kulitsegula kuti awaonetse, akunena kuti, "Taonani, makolo anga, ndi timadontho chabe." Wina analimenya, timabotolo tinamwazika pa fumbi, tofiira. Anthu anakuwa.

Amene anayamba kumenya ndinamuona bwinobwino, monga ndikukuonera iwe Tadala. Anali ndi mpini wa khasu. Anamenya kumbuyo kwa mutu. Anali Lufeyo.

Inde, agogo anu a Lufeyo. Omwe aja ankakusemerani mipini ing'onoing'ono kuti muziphunzira kulima, amene munawalira chaka chatha. Musandiyang'ane choncho. Ndikanakonda ndikanakuuzani dzina lina.

Ena anatsatira ndi miyala ndi njerwa. Ine ndinakuwa, ndinatchula maina awo, ndinatchula dzina langa, koma panalibe amene ankandidziwa tsiku limenelo. Wina anandigwetsa, dzino ili linathyoka pamenepo. Chimene chinawabalalitsa ndi gogo uja. Anadzuka, n'kukhala tsonga, akufunsa kuti mpango wake uli kuti. Anthu anayang'anana, n'kuyamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense ngati amangodutsa.

Dalaivala atabwerera, tinamunyamula Yamikani pa galimoto kupita kuchipatala cha paboma. A Pulofesa anaika mutu wake pamiyendo pawo, chala chawo chili pa mtsempha wa pakhosi, akuwerenga motsitsa. Tisanafike pa tara anasiya kuwerenga. Sanalire. Anangoti kwa dalaivala, "Musathamangenso."

Apolisi anagwira anthu angapo, koma umboni unasowa. Mudzi wonse unati unali kumunda tsiku limenelo, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Atandifunsa ine, ndinati fumbi linachuluka, ndinagwa, sindinaone nkhope. Ndinasaina. M'mutu mwanga munali ana asanu a Lufeyo, ndi amayi athu amene anali akadali moyo, okalamba, osaona. Ndinadziuza kuti kumanga Lufeyo sikudzutsa mwana wa eni. Mawu amenewo ndi oona, koma sindinawanene chifukwa choti ndi oona.

Maliro tinakaika ku Ntcheu. A yunivesite anandisankha kuti ndiperekeze bokosi la malirolo, poti ndine ndinali naye pomaliza. Mayi ake, munthu wowonda wovala mpango wa chigwirizano, anandigwira manja onse awiri. Anati, "Ndinu a Mbewe? Ankakutchulani m'makalata. Ankati muli ngati bambo ake. Ndamva kuti munathyoka dzino pomuteteza. Mulungu akudalitseni." Pobwerera anandipatsira kathumba ka mbatata ya kachewere. Ndinakalandira, ana inu. Ndinathokoza ndi kuwomba m'manja.

Patapita sabata a Pulofesa anandiitana mu ofesi mwawo, natseka chitseko.

"A Mbewe, khalani. Ndikufunsani kamodzi kokha. Kodi analipo amene anakuchenjezani tisanapite pansi pa mtengo tsiku lija?"

"Ayi, madamu."

"Nanga amene anayamba, munamuona?"

"Sindinamuone, madamu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Munthu amene ntchito yake ndi kuwerenga kugunda kwa mtima, sindikudziwa kuti anaona chiyani pakhosi panga. Anangoti, "Zikomo. Mukhoza kupita."

Anamaliza chaka chimenecho chifukwa cha ophunzira, koma kumudzi sanatumizenso mwana wa munthu. Komiti yofufuza inawafunsa mafunso miyezi inayi, ngati kuti iwo ndiwo anagwira mpini. Makolo ena analemba makalata kuti mayi ameneyu amaika ana pangozi. Ine amene ndikanati, "Vuto ndi langa, ndinachenjezedwa koma ndinabisa," ndinkangotsuka mabotolo. Mayeso atatha anatula pansi udindo n'kubwerera kunja. Nyuzipepala inalengezanso za mpando uja. Mpaka ndinapuma ntchito, panalibe anabwera.

Ndinabwerera kuno, n'kumanga nyumba iyi moyang'anana ndi ya Lufeyo. Zaka khumi ndi ziwiri tinkapatsana moni m'mawa uliwonse, kubwerekana nkhwangwa, kukhala benchi imodzi kutchalitchi. Nkhaniyo sitinaitchulepo ngakhale kamodzi. Iye ankadziwa kuti ndinaona, ine ndinkadziwa kuti akudziwa. Anasiya mowa, anayamba kusesa kutchalitchi Loweruka lililonse popanda womutuma. Mwina kumeneko kunali kulankhula kwake. Atafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa n'kupotoka, ndinkapita kukamutembenuza pamphasa. Tsiku lina anandigwira malaya ndi dzanja lamoyo lija, akuyesa kunena chinachake, koma chinkatuluka ndi malovu okha. Ndinamupukuta. Sindidzadziwa chimene ankafuna kunena.

Titamuika, ndinaona ngati tsopano ndamasuka. Mmodzi wa atsikana aja amene ndinawakankhira m'nyumba ndi dokotala tsopano, ndipo ndi amene anandipezera keyala ya a Pulofesa. Ndinalemba masamba anayi. Ndinanena za chenjezo la a Nambewe, za mpini, za kusaina kwanga, zonse. Kunena zoona, ndinkayembekezera kuti andikhululukira. Ndinkafuna munthu wondiuza kuti, a Mbewe, zinapita, gonani.

Yankho linabwera mwezi wathawu. Ndi lalifupi, ndinaliloweza. Akuti: "A Mbewe, zimenezi ndinazidziwa tsiku lomwe ndinakufunsani. Kwa zaka zambiri ndinkadziimba mlandu kuti ndinapha mwana wa eni, ndipo mukanatha kundipeputsira katunduyo ndi mawu awiri. Koma ine ndinapitiriza moyo. Amene mukuyenera kuwauza si ine. Mayi ake a Yamikani ali moyo, ndimawalembera chaka chilichonse. Mpaka lero amakupemphererani ngati munthu amene anateteza mwana wawo. Musawalembere kalata. Pitani."

Alongo anga akuti ndapenga. Akuti wolakwa anafa, wophedwa anafa, ndikukadzutsiranji chilonda cha mayi wokalamba, ndi kuipitsa dzina la banja. Mwina akunena zoona. Mwina mayiyo adzandithamangitsa ndi chikuni, mwina adzapita kupolisi, poti kunama posaina ndi mlandu. Mwinanso ndikawalanda kanthu kamodzi kabwino kamene anatsala nako pa imfa ya mwana wawo. Ndaganiza zonsezi, ndipo sindikukuuzani kuti ndapeza yankho loyera. Inu adzukulu a Lufeyo, Mphatso ndi mlongo wako, anthu adzakulozani zala kumsika, ndipo chifukwa chake ndine. Ndati mudziwiretu.

Tikiti ndadula kale. Ndikatsika basi pali mtunda woyenda pansi, akuti nyumba yake ndi ya njerwa zosawotcha, kuseri kwa chigayo. Ndidzaodira, adzandiyalira mphasa, adzandifunsa za ulendo ndi za mvula ya kuno, mwina adzatuma munthu kukagwira nkhuku. Ndiyenera kuyankhula nkhukuyo isanaphedwe. Mawu oyamba ndiye sindinawapezebe.